Makiyi atayika, chitseko n'chokhoma: waya ndi msomali, kapena mmisiri?

Funso lachokera kwa mayi wina amene amaphunzitsa pa sukulu ya pulayimale ndipo amachita lendi nyumba ku Ngabu. Iwo alemba kuti: "Mwezi watha ndinataya makiyi pochokera kumsika. Anyamata oyandikana nane anayesa kutsegula loko ndi waya wa hang'ala, kenako ndi msomali, koma msomaliwo unathyokera mkati ndipo mapeto ake tinaswa chitseko. Tsopano eni nyumba akufuna ndilipire chitseko ndi loko yemwe. Kodi waya, mpeni kapena mapini a tsitsi zimatseguladi loko, kapena ndi za m'mafilimu chabe? Zikadzachitikanso ndidzatani, popeza kuno amisiri a maloko sapezeka wamba?"

Mayi, pepani ndi zimene zinakuonekerani. Ndakhala ndikukonza zitseko ndi maloko kwa zaka zambiri m'midzi ndi m'misika ya pakati pa Dyeratu, Nchalo ndi Bangula, ndipo ntchito yambiri imene ndimaitanidwira siyamba ndi loko wowonongeka, koma ndi loko amene anali bwinobwino mpaka pamene munthu wina wofuna kuthandiza analowetsamo chitsulo. Yankho langa ndi lakuti zinthu za m'nyumba zimathandiza kwambiri pa zonse zimene zazungulira loko, monga chogwirira, mahinjesi, masikuluwu, felemu ndi thabwa la chitseko, koma mkati mwa loko mwenimwenimo simuyenera kulowa chitsulo china chotsegulira kupatula kiyi kapena chida cha mmisiri. Anyamata aja analakwitsa malo olowetsa msomali, ndipo kulakwitsa kumeneko ndi kumene kwakudyerani chitseko.

Kuti mumvetse chifukwa chake, ndiyenera kufotokoza pang'ono zimene zili mkatimo. Loko amene ali pa zitseko zambiri za nyumba za lendi kuno kuchigwa cha Shire ndi uja wolowa m'thupi la chitseko, wa kiyi wamtali wokhala ndi mano kumapeto, amene ambiri amangomutchula kuti Union potengera dzina la kampani imene maloko ake anafala. Loko ameneyu ali ndi zinthu ziwiri zimene zimatulukira m'mbali mwa chitseko. Choyamba ndi kalilime kopendekeka, kamene kamabwerera mkati mukatsitsa chogwirira. Chachiwiri ndi mpiringidzo wachitsulo wa makona anayi, umene umayenda ndi kiyi yekha. Mpiringidzowu umagwidwa ndi timbale tachitsulo totchedwa maliva, ndipo kambale kalikonse kali ndi kampata kake. Mano a kiyi amakweza kambale kalikonse kufika pamlingo wakewake, mipata yonse imalunjikana, ndiyeno mpiringidzo umadutsa. Kambale kamodzi kakakwera mopitirira kapena moperewera, mpiringidzo suyenda. Nzeru imeneyi ndi yakale, anailembetsa Robert Barron ku England m'chaka cha 1778, ndipo mpaka lero sinasinthe kwenikweni.

Tsono waya wa hang'ala uyenera kuchita ntchito ziwiri nthawi imodzi, kukweza maliva onse pamilingo yosiyana komanso kukankha mpiringidzo wolemera, ndipo waya ndi wofewa moti umapindika usanachite ngakhale imodzi. Msomali ndi wolimba, koma ndi wowongoka, ndipo munthu akaona kuti sukutembenuka amaugwira ndi pulayala n'kuyamba kupotokola. Pamenepo timasipiring'i ta maliva timachoka m'malo mwake, kapena msomali umathyoka, ndipo kuyambira nthawi imeneyo ngakhale kiyi weniweni atapezeka m'thumba la ndiwo sangatsegulenso.

Chimene chimandipweteka pa nkhani yanu ndi chakuti loko wa mtundu umenewu ndi amene amatseguka mosavuta popanda kuwononga kanthu. Maloko otsika mtengo a maliva awiri ali ndi mitundu yochepa ya makiyi, kotero kuti mukayenda nyumba khumi za pamzere wanu kubwereka makiyi a zipinda zawo, kawirikawiri mumapeza mmodzi amene amatsegula. Makiyi ambiri otere alinso ndi nambala yodindidwa pamutu pake, ndipo masitolo a zipangizo zomangira amagulitsa makiyi odulidwa kale potengera nambalayo. Kalipentala aliyense wakale pa ntchito amakhala ndi mulu wa makiyi otsala omangidwa pa waya, ndipo mulu umenewo ndiwo chida choyamba chimene ine ndimatulutsa m'chikwama, hamala isanatuluke. Poyesa makiyi obwereka, tembenuzani ndi zala ziwiri zokha, ndipo kiyi akakana musamukakamize, chifukwa mudzathyola kiyi wa mnzanu m'loko wanu. Izi zikukuuzaninso kanthu kena kosasangalatsa: loko wa maliva awiri ndi wa zipinda za mkati, ndipo sayenera kukhala yekha pa chitseko chakunja.

Loko wa kiyi wamfupi wophwatalala, uja wa silinda, kachitsulo kobulungira kamene kiyi amalowamo, ndi nkhani ina. Mkati mwake muli timapini, kawirikawiri tisanu, ndipo kapini kalikonse kali ndi kanzake pamwamba ndi kasipiring'i kowonda ngati tsitsi. Mapangidwe amenewa anawakhwimitsa Linus Yale wamng'ono ku America m'zaka za m'ma 1860, n'chifukwa chake anthu amatchula maloko onse otere kuti Yale. N'zoona kuti munthu wodziwa akhoza kutsegula loko wotere ndi tizitsulo tiwiri towonda, kamodzi kogwira silinda ndi kena kokweza timapini, ndipo m'mafilimu amatengera pamenepo. Koma luso limeneli limafuna kuyeserera kwa nthawi yaitali, zala zimene zaphunzira kumva kapini kakakhala pamalo pake, ndi tizitsulo tolimba topangidwira ntchitoyo. Pini ya tsitsi kapena sefitipini m'manja mwa munthu amene sanayesepo, madzulo, udzudzu ukuluma, ana akulira njala pakhonde, imangokanda timapini ndi kusiya zidutswa mkati. Ubwino wa loko wa silinda ndi wakuti mmisiri akamubowola ndi dirilo pamalo oyenera, mumangogula silinda yatsopano, imene imamangidwa ndi sikuluwu imodzi yaitali ya m'mbali mwa chitseko, ndipo thupi la loko, chogwirira ndi chitseko zimatsala zamoyo.

Musanaganize zoswa chilichonse, dzifunseni kaye kuti chitseko chakana chifukwa chiyani, pakuti kutaya kiyi ndi chifukwa chimodzi chokha mwa zambiri, ndipo pa zinazo ndi pamene zinthu za m'nyumba zimaonetsa ntchito yake.

Kuno kwathu vuto lalikulu ndi nthaka ndi nyengo. Ku Ngabu mukukhalako kuli dothi lakuda la makande, limene limang'ambika ming'alu yolowa dzanja m'chilimwe ndi kufufuma mvula ikagwa. Nyumba ya maziko osazama imayenda pang'ono ndi dothilo, felemu imapendekeka, ndipo mpiringidzo umapanikizika m'dzenje lake. Thabwa la chitseko nalonso limatupa m'dzinja. Munthu amaona kiyi akulowa bwino koma osatembenuka, n'kuganiza kuti loko wafa, chonsecho loko alibe mlandu. Zikatero kokerani chitseko kwa inu ndi chogwirira, kapena chikankheni ndi bondo, uku mukutembenuza kiyi mofatsa. Ngati chitseko chagwa chifukwa mahinjesi alekerera, lowetsani khasu kapena kathabwa pansi pake cha kumbali ya loko, wina apondereze mpini kuti chitseko chinyamuke pang'ono, inu mukutembenuza. Apa khasu laposa chida chilichonse cha m'sitolo. Chikatseguka, pakani sopo wouma kapena sera ya kandulo pamene thabwa likukhuza, ndipo kalipentala akulitse dzenje la mpiringidzo ndi tupa.

Palinso fumbi, mchenga ndi dzimbiri. Pambuyo pa madzi osefukira a mu Januwale 2015, a namondwe Ana mu 2022 ndi a Freddy mu Malichi 2023, anthu obwerera kunyumba zawo m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje ankapeza maloko atadzaza matope ouma, ndipo ambiri anathyola makiyi poyesa kutsegula mwamphamvu. Loko wotere amafuna kutsukidwa, osati kumenyedwa. Thiranimo parafini ndi kabotolo kofinya kapena jekeseni wopanda singano, dikirani pang'ono, lowetsani ndi kutulutsa kiyi kangapo mukumupukuta pa kansalu, mpaka zakuda zitasiya kutuluka. Amene ali ndi WD-40, mafuta aja opopera pa zitsulo za dzimbiri, agwiritse ntchito imeneyo. Mafuta ophikira musathire, ngakhale aliyense pamudzi adzakuuzani kuti amathandiza. Amathandizadi tsiku loyamba, koma m'kutentha kwa kuno amauma n'kusanduka ulimbo umene umagwira fumbi lonse la mu Okutobala, ndipo pakapita miyezi ingapo loko amauma kuposa kale. Chofewetsa chabwino cha loko wouma chili m'kalasi mwanu momwemo: khuzani mtima wa pensulo pa mano a kiyi mpaka ade, mumulowetse ndi kumutulutsa kangapo. Nthawi zina bowo la kiyi limatsekedwa ndi tizilombo tija timamanga zisa zadothi, makamaka pa nyumba imene yakhala yotseka tchuthi chonse, ndipo apo kamtengo kotokosera m'mano kakwanira.

Kiyi akathyokera mkati, anthu amachita zinthu ziwiri zimene zonse zimawononga. Ena amalowetsa theka lotsala kuti likankhe linzake, ndipo chidutswa chimangopita kutali. Ena amapaka supa guluu pa theka lotsala kuti limatirire chidutswacho. Ndinaitanidwapo pa golosale ina ku Nchalo kumene mnyamata wogulitsa anachita zimenezi m'mawa bwana wake asanafike. Guluuyo anayenderera m'timapini, ndipo pamene ndinkafika, theka la kiyi linali litamatirira pakamwa pa loko, chala cha mnyamatayo chitasupuka, silinda yonse itauma gwa ngati mwala. Chidutswa chimene chikanatuluka m'mphindi zisanu chinafuna dirilo, ndipo popeza magetsi anali atazima, golosale inatsegulidwa dzuwa litapendeka. Njira yoyenera ndi kubwezera kaye silinda pamalo pamene kiyi amatulukira, pogwiritsa ntchito nsonga ya sikuludiraiva yaing'ono, kenako kuthira kadontho ka parafini. Ngati chidutswa chikuonekera kunja, chigwireni ndi pulayala yosongoka kapena chowengera zala. Ngati chabisala, thyolani kachidutswa kowonda ka sowo ya zitsulo, mukalowetse m'mbali mwa kiyi mano ake ataloza kwa inu, mukapotoze pang'ono kuti kakole, n'kukoka pang'onopang'ono. Zidutswa zonse ziwiri muzisunge, chifukwa wodula makiyi amatha kudula watsopano poonera zimenezo.

Zina ndi zazing'ono. Chogwirira chikamangozungulira osatsegula, masulani masikuluwu a chivindikiro chake ndi sikuludiraiva kapena nsonga ya mpeni wakale, ndipo mudzaona kachitsulo ka makona anayi kapena bowo lake, kamene mukhoza kutembenuza ndi pulayala. Chitseko chikadzitseka ndi mphepo n'kugwidwa ndi kalilime kopendekeka kokha, pulasitiki yodulidwa ku botolo la mafuta imatha kukankha kalilimeko mukailowetsa pakati pa chitseko ndi felemu, koma musayese ndi khadi la kubanki kapena chiphaso cha unzika, chifukwa chimasweka ndipo kupeza china ndi ulendo wautali kuposa wa kwa kalipentala. Pa mpiringidzo wokhomedwa ndi kiyi pulasitiki siichita kanthu. Ngati kiyi wamtali watsalira pabowo cha mkati, lowetsani nyuzipepala pansi pa chitseko, mukankhe kiyiyo ndi sipoko ya njinga kuti agwere papepalapo, n'kukoka. Zimenezi zimatheka pokhapokha pansi pa chitseko pali mpata ndipo kiyi waima mowongoka, ndipo ndi nthawi yokhayi imene ndimalola waya kuyandikira bowo la loko.

Tsopano tinene kuti makiyi atayikadi, obwereka akana, ndipo palibe njira ina koma kuwononga kanthu. Apa lamulo limene ndimaphunzitsa anyamata anga ndi kuyamba ndi chinthu chotsika mtengo. Loko wokoleka ndi wotsika mtengo kuposa loko wa m'chitseko, loko wa m'chitseko ndi wotsika kuposa chitseko, ndipo chitseko n'chotsika kuposa felemu ndi khoma. Anthu akapsa mtima amayambira kumapeto. Amatenga chikwanje kapena chitsulo chozulira misomali n'kukanula pakati pa chitseko ndi felemu, ndipo popeza nyumba zambiri kuno zinamangidwa ndi njerwa zomata ndi dothi, chimene chimagonja si loko koma khoma. Ndinaonapo ku Bangula felemu yachitsulo itazuka yonse pamodzi ndi njerwa za m'mbali, chitseko chili chikhomere mkati mwake, loko osakandika n'komwe.

Pa loko wokoleka, monga a Tri-Circle amene ali paliponse m'misika, yang'anani kaye chitsulo chimene lokoyo wakolekedwapo. Kawirikawiri chinakhomedwa ndi misomali kapena masikuluwu oonekera, ndipo kuchimasula n'kosavuta kuposa kulimbana ndi loko. Ngati sichimasuka, dulani. Sowo ya zitsulo yokhala ndi mpeni watsopano, wa mano 24 pa inchi, imadula khosi la loko wamba, chitsulo chopindika chija cha pamwamba pake, bola wina agwire lokoyo ndi pulayala kuti asagwedezeke. Khosi likalembedwa kuti hardened ndiye kuti chitsulocho n'chokhwimitsidwa ndipo sowo imangoterereka, choncho dulani mphete imene lokoyo wakolamo, imene nthawi zambiri imakhala yachitsulo chofewa. Wowotcherera zitsulo aliyense pamsika ali ndi girayinda imene imamaliza ntchitoyi m'mphindi imodzi, ndipo kumulipirira kabaza kuti abwere n'kotsika mtengo kuposa thabwa limodzi la chitseko. Kumenya loko ndi hamala kapena mwala kumatsegula maloko ena osalimba, sindikana, koma nkhonya iliyonse imapita ku thabwa ndi kumisomali, ndipo mudzagona m'nyumba imene chitseko chake sichikhomekanso.

Pa loko wa m'chitseko, yang'anani mahinjesi. Chitseko chotsegukira kunja chimakhala ndi mahinjesi oonekera, ndipo ena ali ndi kamtengo kachitsulo kamene kamatuluka mukakagogoda kuchokera pansi ndi msomali ndi hamala. Apo msomali uli pa ntchito yake. Ngati mahinjesi ali mkati, zungulirani nyumba muone khomo lakumbuyo ndi mawindo, chifukwa kuchotsa galasi limodzi kuti dzanja lifike pa mpiringidzo wa khomo lakumbuyo n'kotsika mtengo kwambiri. Musatume mwana kuti apanikizike pakati pa zitsulo za pawindo kapena akwere padenga kukamasula malata, pakuti mutu umalowa pamene sungatulukenso, ndipo malata a masana kuno amawotcha ngati chiwaya. Zonsezi zikakanika, kalipentala wa tchizulo ndi dirilo amadziwa pamene angaboole kuti afike pa mpiringidzo, n'kusiya bala laling'ono limene chivindikiro cha chogwirira chimabisa.

Pali nthawi imodzi imene zonse ndanenazi muyenera kuziiwala. Ngati mkati mwatsekeredwa mwana wamng'ono, wodwala kapena wokalamba, kapena mwasiya mbaula ikuyaka, swani chimene chili pafupi msangamsanga. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kwa kuchigwa kumapitirira madigiri 40, ndipo m'chipinda cha malata chopanda siling'i, mawindo ali otseka, mumatentha kuposa pamenepo. Chimodzimodzi mwana amene watsekeredwa m'galimoto: swani galasi la kutali ndi pamene wakhala, musataye nthawi ndi waya.

Popeza nyumbayo ndi ya lendi, mawu ena ndi okhudza eni ake. Chinthu choyamba chimene munayenera kuchita tsiku lija ndi kuwaimbira foni, chifukwa maloko amagulitsidwa ndi makiyi awiri kapena atatu, ndipo eni nyumba ambiri amasunga mmodzi. Ngakhale akanakhala kuti alibe, chitseko choswedwa iwo atavomera sichibweretsa mkangano ngati chimene angochipeza chitasweka. Dziwitsaninso oyandikana nanu, ndipo ngati kwada, a chitetezo cha m'mudzi kapena amfumu, chifukwa munthu amene akulimbana ndi chitseko usiku ndi chitsulo m'manja amaoneka ngati wakuba, ndipo khamu likasonkhana silifunsa mafunso ambiri. Mmisiri woona naye adzafuna umboni woti nyumbayo ndi yanu asanagwire chida, ndipo musakhumudwe akafunsa. Pa mlandu umene muli nawo tsopano, ine ndikuona kuti loko ndi wanu kulipira, koma musanavomere kugula chitseko chatsopano itanani kalipentala achione, pakuti ngati chinang'ambika pa mbali ya loko pokha, thabwa la mbali imeneyo limasinthika palokha pa chitseko cha mapanelo.

Mwafunsa kuti mudzatani mtsogolo. Popeza makiyi akale ali m'manja mwa munthu amene simukumudziwa, loko watsopano asakhale wa nambala yomweyo. Gulani wa silinda, kapena wa maliva atatu kupita m'mwamba, ndipo tsiku lomwelo mulekanitse makiyi ake: mmodzi kwa inu, mmodzi kwa eni nyumba kapena mnzanu wodalirika, wina m'kabati yanu kusukulu. Pansi pa mwala wa pakhomo ndi pamwamba pa felemu ndi malo oyamba amene wakuba amayang'ana. Nambala ya kiyi muilembe m'kope la mapulani a maphunziro kapena muisunge m'foni. Zida zoti mukhale nazo ndi zochepa: sikuludiraiva ziwiri, yophwatalala ndi ya nyenyezi, pulayala yosongoka, ndi sowo ya zitsulo yokhala ndi mpeni wapadera. Koma musazisunge m'nyumba imene zikuyenera kudzatsegula. Zisiyeni kukhitchini yakunja kapena kwa oyandikana nanu, pamodzi ndi nambala ya foni ya kalipentala ndi ya wowotcherera zitsulo wa pamsika wa Ngabu.